Wotchi Pamwamba pa Mfumu

Chaka chimene bambo anga anayamba kuiwala, ine ndinayamba kulota masana. Ndikaweruka kuchipatala kumene ndimagwira unamwino, ndinkakwera thiramu, kasitima koyenda m'misewu, ku Croydon kum'mwera kwa London, n'kukhala pampando wa kuwindo, ndipo belu lake likangolira ndinkapezeka ndili pakatikati, osagona koma osakhalanso maso. Inali nyengo imene masamba amayoyoka ndipo dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Nyumba za njerwa zofiira zinkadutsa pang'onopang'ono m'nkhungu, kenako mitengo yopanda masamba, kenako nyali za m'misewu zoyaka nthawi isanakwane. Nthawi zina ndinkaona ngati tikulowa m'Limbe ndipo posachedwa wina agogoda pawindo ndi chimanga chootcha. Ndinkadzidzimuka mawu a m'makina akutchula siteji yanga.

Ndinkapita kukaona bambo kunyumba yosungirako okalamba. Ndinawapititsako ndine, mwana wawo, mayi atamwalira, iwo atayamba kusiya gasi akuyaka ndiponso tsiku lina atapezeka ku Tottenham akufunsa anthu njira ya kusukulu imene anaisiya ku Malawi kalekale. Zinandipweteka ndipo zimandipwetekabe. Koma malowo anali abwino. Chipinda chawo chinali pansi, ndipo khomo lake linkatsegukira kukadimba kokhala ndi mtengo wa maapulo ndi benchi. Pabenchipo ankakhala atavala chipewa chawo, kuwerengera mbalame nkhani za m'nyuzipepala ya dzana. Bola ali panja, mtima wawo unkakhala m'malo.

Tsiku lina madzulo anandichingamira pakhomo mayi wina wa ku Zambia amene ankawasamalira, munthu wamkulu thupi ndi mtima womwe.

"Sisi, batate banu sibakudya," anatero. "Ku dining bakana kungena. Tabapelekela mu room, bangoyang'ana chabe plate. Manje lelo nabapeza bakwela pa mpando, bafuna kuchosa nkoloko pa chipupa. Ngati banagwa sembe tikamba zina."

Anatsitsa mawu n'kundiuza zotsalazo. Akuluakulu a panyumbapo anali atakambirana kuti zikapitirira, bambo asamukire m'chipinda cham'mwamba, kumene zitseko zimatsekedwa ndi manambala ndipo munthu satuluka yekha. Kumeneko kulibe dimba. Ine ndimagwira ntchito yomweyi, ndipo ndikudziwa kuti nkhalamba yosadya ikakwera m'mwamba muja kawirikawiri sitsikanso ndi miyendo yake.

Ndinawapeza atakhala pamphepete pa bedi, atavala juzi, jekete, ndi chikhoti cha nyengo yozizira pamwamba pake, nsapato atamanga zingwe. M'chipindamo munali motentha ngati m'khitchini.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Tsika mawu, mwanawe," anandinong'oneza. "Akubwera."

Ndinawasiya n'kupita kukaona chipinda chodyeracho, ndipo ndinaima pakhomo. Chithunzi cha mfumukazi ya dziko lino yomwalira ija, chimene chinkakhala pafupi ndi windo osavutitsa munthu, anali atachichotsa. M'malo mwake, pakhoma loyang'anizana ndi khomo, anapachika chithunzi cha mfumu yatsopano, mwamuna wa imvi wovala zankhondo ndi mamendulo. Pamwamba pake penipeni panali wotchi ya pakhoma, nkoloko ija, ikuyenda bwinobwino ngati palibe chalakwika.

Mngelezi akhoza kudya pansi pa khoma limenelo moyo wake wonse osaona kanthu. Ife amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa. Chithunzi cha mtsogoleri chinkakhala m'sitolo iliyonse, m'ofesi iliyonse, ndipo pamwamba pake sipankaloledwa chilichonse, kaya kalendala, kaya mtanda, kaya wotchi. Bambo anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale. Makolo anagulira sukulu wotchi, ndipo iwo anaikhomera m'mwamba m'ofesi kuti woimba belu aziiona ali panja. Mphunzitsi mnzawo amene ankasirira mpando wawo anakanena. Apolisi anabwera ndi galimoto kudzawatenga masanasana, pa nthawi yopuma, ine ndili pansi pa mtengo wa bulugamu ndi mbatata yootcha m'manja. Ndimakumbukira fumbi la galimoto ija likutsika pang'onopang'ono pamaluwa a kutsogolo kwa ofesi. Bambo anabwerako ine nditakula kale msinkhu, mano a mbali imodzi atatha, mafupa awo atadana ndi kuzizira mpaka lero. Sitinakhalitse. Tinadutsa malire ku Mchinji, tinakhalako ku Lusaka, mapeto ake London.

Chimene chinandikwiyitsa nditaima pakhomo lija n'chakuti munthu ameneyu, amene tsopano ankanjenjemera ndi chithunzi cha mfumu, ndi yemwe anatigonthetsa m'kutu zaka zonse kuikira kumbuyo ufumu wa kuno. Lamulungu tikachoka kutchalitchi, azibambo anzawo othawa kwawo ankadzaza pabalaza pathu ku Tottenham, mawindo atachita nthunzi, tiyi akuzizira m'makapu chifukwa cha mtsutso. Ena ankawakumbutsa za thangata, za minda ya tiyi, za msonkho umene agogo athu ankathawira kuphiri. Bambo sankakana.

"Sindinaiwale, achimwene," ankatero. "Koma ine ndaonapo munthu mmodzi ali mbendera yemweyo, nyimbo ya fuko yemweyo, khoti yemweyo, ndende yemweyo. Kuno anagawa. Ulemu anapatsa wina, mphamvu anapatsa wina. Wa ulemuyo sangakumange. Wa mphamvuyo mumamuchotsa ndi voti, ndipo asanachoke amakhala akupita kukaweramira mfumukazi, gogo wa chikwama m'manja. Mpando wapamwamba muli kale munthu, ndiye wandale akwera kukafika pati?"

Ine panthawiyo ndinali mtsikana wamutu wotentha, wogona m'chipinda cha nkhungu pakhoma, ndipo ndikaona ngolo zagolide pa wailesi yakanema ndinkatsonya mokweza. Ndinkawauza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwo ankaseka n'kunena kuti nyererezo aziona, koma mkuyu umenewu sunagwerepo munthu wokhala pansi pake. Sitinagwirizanepo. Tsiku limene analumbira kukhala nzika ya dziko lino anavala suti yawo ya ukwati, ine ndinanamizira mutu.

Tsopano mtsutso wonsewo unali utafufutika m'mutu mwawo ngati choko pabolodi. Chinatsala ndi khoma, chithunzi ndi wotchi.

Ndinaganiza kuti nkhaniyi ndi yophweka. Ndinafotokozera mayi wa ku Zambia uja, ndipo mawa lake wotchi inasamukira pakhoma lina. Ndinawagwira dzanja bambo mpaka pakhomo la chipinda chodyera n'kuwalozera. Anayang'ana nthawi yaitali. Pamene panali wotchi panatsala chizindikiro chozungulira, choyererapo kuposa khoma lonse, ndi kabowo ka msomali.

"Mwabisa mochedwa," anatero. "Aona kale. Mlandu suola, mwanawe."

Anabwerera kuchipinda n'kukakhalanso pamphepete pa bedi. Masiku otsatira ankangomwa tiyi pang'ono ndi bisiketi imene ndinkayamba ndaluma ine. Lamba wa thalauza tinaboola bowo lina. Kudimba anasiya kupita, poti munthu woyembekezera kutengedwa sayendayenda.

Loweruka lina ndinakumana ndi mwana wanga wamkazi ku Greenwich, kumene amaphunzira. Tinayenda m'mbali mwa mtsinje madzi ataphwa, matope akunyezimira, maboti akutuluka m'nkhungu n'kulowanso mwakachetechete ngati akuyenda m'tulo. Iye amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingelezi, ndipo mutu wotentha uja anatengera kwa ine.

"Mum, just take it down," anatero nditamuuza za chithunzicho. Anapitiriza kuti munthuyo palibe anamuvotera, kuti chithunzi cha munthu wobadwira m'chuma sichingapose agogo ake, ndipo kuti dziko la demokalase likusungiranji zidole za makedzana.

Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa mwana wanga, ndipo anandikomera. Lolemba ndinalowa m'nyumba ija nditakonzeka kumenya nkhondo.

Nkhondoyo inali ndi mwini wake. Mwini chithunzicho anali gogo wina wachingelezi wokhala momwemo, kamunthu kochepa, ka tsitsi loyera ngati thonje, koyenda ndi ndodo. Moyo wake wonse ankagawa chakudya kusukulu za ana, ndipo mawu ake anali akadali a munthu wozolowera kuletsa phokoso m'holo. Ana ake ndi amene anabweretsa chithunzicho iye atalamula. Nditamupempha kuti chichoke, anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mayi anga anali ndi chithunzi cha mfumu m'khitchini mabomba akugwa," anatero m'Chingelezi chake cha kum'mwera kwa London. "Ine ndakhala ndi cha mfumukazi moyo wanga wonse. Nyumba yanga anagulitsa, mphaka wanga anapatsa ena. Ichi chokha ndiye sachotsa munthu."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti bambo anga akufa ndi njala chifukwa cha pepala la m'galasi. Iye anati pepani, koma bambo anuwo akudwala, si mfumu yawadwalitsa. Ndinatuluka ndisanalankhule zoti ndikadandaule nazo pambuyo. Chifukwa chenicheni sindinamuuze. Nkhani ya bambo sindinkafuna kuiyala pamaso pa mzungu ngati kaunjika pamsika.

Akuluakulu a panyumbapo anati adikira Khirisimasi idutse, kenako bambo akwere m'mwamba. Masiku amenewo ndinkayenda ngati ndili pansi pa madzi. M'thiramu ndinkalota bambo ali pabenchi lawo, koma benchilo lili pabwalo la sukulu ija, maapulo akugwa mumtengo wa bulugamu, ana ovala yunifolomu akuwatola osapanga phokoso.

Phwando la Khirisimasi la okalambawo linachitika masana, kunja kukugwa kamvula kosamveka. Ndinawanyengerera bambo kuti tingoima pakhomo timve nyimbo. Anavomera chifukwa cha nyimbozo, atavala zovala zawo zonse zija. M'katimo munali nyali zamitundumitundu ndi fungo la nyama yootcha. Angelezi ali ndi mwambo wawo pa tsikuli: amakokerana timapaketi tophulika, ndipo m'kati mwake mumatuluka chipewa cha pepala chonga chisoti chachifumu, chimene aliyense amavala, kaya ndi bwana kaya ndi wotsuka mbale. Nkhalamba zonse zinali zitavala, zina chitatsetserekera pamphuno zili m'tulo.

Gogo uja anaimirira. Anavula chipewa chake chofiirira, anachikoleka kunsonga ya ndodo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhoma. Anayesa kangapo mpaka chinakhala pamwamba pa chithunzi, chopendekeka, chitaphimba diso limodzi la mfumu.

"Eya, wakongola tsopano," anaiuza mfumuyo mokweza. "Wadikira ntchito mpaka imvi, ndiye uigwire bwino. Ndipo uwauze anyamata ako a boma aja kuti chiuno changa chikudikirabe dokotala."

Chipinda chonse chinaseka. Kenako gogo yemweyo anayambitsa nyimbo ya fuko, yopempherera mfumu yomweyo, ndipo anzake anamutsatira ndi mawu osweka, ena atakhala, ena akuyesa kuimirira. Iye ankaimba mokweza kuposa onse, misozi ikutsika.

Bambo anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zizindikiro.

"Mayiyu ali ndi ana?" ananong'ona.

"Ali nawo, bambo."

"Akudziwa chimene wachita?"

"Ndi masewera chabe. Tiyeni kuchipinda mukapume."

Sanasunthe. Ankayang'ana gogoyo akubwerera pampando wake, kenako anayang'ana nkhalamba zina zija, zimene tsopano zinali zitaweramira mbale zawo.

"Taona," anatero. "Onse ayang'ana pansi. Ine ananditenga aphunzitsi onse akuyang'ana pansi." Anachotsa dzanja langa pamkono pawo. "Munthu asamatengedwe ali yekha."

Analowa. Anadutsa pakati pa matebulo mowongoka, mmene ankayendera pabwalo la sukulu. Atafika kwa gogo uja anavula chikhoti chawo n'kumufunditsa pamapewa, n'kumuuza m'Chingelezi chawo cha aphunzitsi akale kuti kumene akupitako kumazizira kwambiri. Gogoyo anaona ngati ndi ulemu wa mwamuna wakale, ndipo anati zikomo, bwana, khalani apa. Anakoka mpando n'kukhala pambali pake, nkhope atalozetsa kukhomo.

Ine ndinali chiimire, manja ali lende. Mayi wa ku Zambia uja, amene maso ake saphonya kanthu, anafika mwakachetechete n'kuika mbale patsogolo pawo: nyama, mbatata yachizungu yootcha, ndi msuzi. Bambo anaiyang'ana, kenako anatembenukira kwa gogo uja.

"Idyani, mayi, mukhute," anamuuza. "Kumeneko sapatsa chakudya tsiku loyamba."

Ndipo pofuna kumulimbitsa mtima, anatenga foloko n'kuyamba kudya iwo. Anadya zonse, maso ali kukhomo. Pakhomopo panadutsa wokankha tebulo la tiyi, panadutsa mdzukulu wa wina atanyamula maluwa, panadutsa wansembe. Kunja kunayamba kuda, nyali zija zikuphethira pagalasi la chithunzi. Ine ndinakalowa m'bafa n'kulira ngati mwana, madzi nditawasiya akutuluka pampopi kuti anthu asamve.

Madzulo omwewo ndinakhala pansi ndi gogo uja n'kumuuza zonse, za wotchi, za galimoto, za mano. Anamvetsera osandidula, chikhoti cha bambo chikadali pamapewa pake. Nditamaliza anayang'ana mfumu yake ya diso limodzi.

"Ndiye akuganiza kuti abwera kudzandimanga?"

"Eya."

"Chifukwa cha chipewa?"

"Eya."

Anapukuta mphuno. "Chabwino," anatero. "Mulungu andikhululukire, ndiziinyoza tsiku lililonse. Ili ndi mapewa aakulu, ipirira. Ntchito yake ndi yomweyo."

Kwathu timati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sindinkayembekeza kumva zofanana nazo kwa gogo wa ku Croydon. Anasunga mawu ake. Chipewa chitachoka anakolekapo nkhata ya maluwa a pepala. Itafika nyengo ya maluwa achikasu otuluka kuzizira kukamatha anasomekapo limodzi kuseri kwa felemu, ngati lili kukhutu. Masiku ena amangoima patsogolo pake nthawi ya chakudya n'kuikalipira za mabasi ochedwa ndi tiyi wozizira, kenako n'kuiweramira pang'ono asanakhale. Za chipinda cham'mwamba palibe anazitchulanso. Dzuwa litabwerera, bambo anabwereranso pabenchi lawo.

Mwana wanga amati zonsezi sizikusintha kanthu, munthuyo palibe anamuvotera. Sindimutsutsa, ndipo za thangata nanenso sindinaiwale. Ngolo zagolide zikamadutsa ndimatsonyabe, ngakhale motsitsa. Koma ndinamuuza kuti asanagwetse chinthu ayambe wafunsa chimene chidzakhale pakhomapo, chifukwa khoma silikhala lopanda kanthu nthawi yaitali, ndipo amene amathamangira kudzipachikapo okha ndi amene ine ndimawaopa. Chithunzi chimene nkhalamba ingachiveke chipewa cha pepala, n'kuchiimbira nyimbo ikulira, n'kukagona pabedi pake osagogodedwa, ine ndachisiya chikhale. Iye anangoti, "Mum, you sound like agogo," ndipo sindinadziwe ngati ndikwiye kapena ndithokoze.

Bambo sanachire. Matenda awo sabwerera m'mbuyo, ndipo zimene zinachitika dzulo sizigona m'mutu mwawo. Sadziwa kuti dzulo sikunabwere munthu, ngakhale dzana. Tsiku lililonse mantha awo amakhala atsopano, athunthu, ngati a tsiku lija pasukulu. Ndikafika masana ndimawapeza atakhala, akumvetsera. Kenako mawu a gogo uja amamveka m'khonde, akukalipira mfumu, ndipo ndimaona nkhope yawo ikuchita mantha. Amakhala choncho kanthawi. Kenako amadzuka, amamanga mabatani a jekete mpaka m'khosi, n'kundipatsa mkono.

"Tiye, mwanawe," amatero. "Asakam'peze ali yekha."